Wa Kumunsi kwa Ngalande

Bambo anga sanaimvetsepo ntchito yanga, ndipo sindikhulupirira kuti anayesako n'komwe. Anthu akawafunsa kuti mwana wanu wamkazi uja amachita chiyani ku Ulongwe, ankayankha kuti, "Amaphunzitsa ana, akatopa amagawa mphepo." Ankanena zimenezi nkhope ili gwa, osaseka, ndipo ofunsawo ankagwedeza mutu ngati amvadi.

Sankanama kwenikweni. Ndimaphunzitsa makompyuta pa shikola ina ya sekundariya, ndipo atatikokera intaneti, imene kuno timangoti redi, kabokosi kake anakakhomera pakhoma la chipinda changa. Kuyambira tsiku limenelo redi ikavuta wolakwa ndinali ine. Mvula ikagwa n'kuisokoneza, ine. Magetsi akazima tauni yonse, anthu ankabwerabe kudzandisuzumira pakhomo ngati ndawabisa m'chikwama.

Redi yathuyo inali yochepa, koma oidya anali ambiri. Miyezi yoyamba ndinangoisiya chitsegulire, ndiye inkadyedwa mmene nkhuku zimadyera madeya: yamphamvu imakhuta, yofooka imajompha dothi. Mphunzitsi wa masamu, mwamuna wamtali wokonda mpira kuposa tulo, ankaonera zigoli za dzulo mobwerezabwereza m'chipinda cha aphunzitsi. Ena ankakopera mafilimu oti akaonere Loweruka kunyumba. Pamene zonsezi zikuchitika, mayi a ku sekeretariya, amene ntchito yawo ndi kutumiza manota, ndiye kuti malikisi a ana, kwa akuluakulu a maphunziro, ankakhala maso ali pa kompyuta, kuonerera kamkombero kakuzungulira osafika kulikonse. Mayiwa ndi achikulire, ndipo sakalipa. Ankangobwera n'kuima pakhomo panga atapinda manja, moti ine ndinkalakalaka akanangondilalatira zithe.

Ndiye tsiku lina ndinakhala pansi n'kulembera kabokosiko malamulo. Anthu ambiri sadziwa kuti kabokosi kotere kamamvera malamulo kuposa anthu. Ungathe kukauza kuti uyu azidutsa poyamba, uyu adikire, uyu asapitirire mlingo wakuti. Ndinaika kompyuta ya ku sekeretariya patsogolo pa onse. Pambuyo pake ndinaika makompyuta amene ana amaphunzirira. Kumapeto kwenikweni kunapita mafoni a aphunzitsi tonse, yanga yomwe, kuti tizigawana mofanana zotsalazo. Ndinawonjezeranso lamulo lina limene sindinaliganizire kwambiri polilemba: gawo limene wa patsogolo sakuligwiritsa ntchito lizitsikira kwa amene ali pambuyo, ndipo akatsala mmodzi yekha, atenge redi yonse.

Kagawidwe kameneka ndinakula ndikukaona. Kwathu, mbali ya ku Domwe, timalima mbatata ya kachewere m'madimba nyengo yozizira, ndipo madzi timawakoka mumtsinje pa ngalande imodzi. Wa kumtunda amatsegula kaye, akathirira amatseka ndi chibuma, madzi n'kutsikira kwa mnzake. Dimba la bambo anga ndi lomaliza kumunsi, chifukwa pamene tinkabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza madimba a kumtunda onse ali ndi eni. Ndili mtsikana ndinkakhala nawo pamzere, kudikira madzi amene ankabwera ochepa, akukwawa, atanyamula masamba ndi zinyalala za madimba a anzathu. Ine ndinkapsa mtima, iwo ayi. Sanakanganepo ndi munthu za madzi. Koma anali ndi kachidandaulo kamodzi kamene ankakonda kukanena moseka: "Ngalande imandifika yodzaza tsiku la maliro lokha, pamene munthu sagwira khasu. Madzi amabwera onse, ine n'kumawaonerera akudutsa."

Loweruka lina ndili kumudzi ndinayesa kuwafotokozera za malamulo anga aja, poganiza kuti mwina tsopano amvetsa kuti sindigawa mphepo chabe. Ndinajambula ngalande padothi ndi kamtengo. Ndinati apa ndi a ku sekeretariya, apa ndi ana, apa ndi aphunzitsi. Anamvetsera akusenda nzimbe.

"Wogawayo ndiwe?" anafunsa.

"Ndine, bambo."

"Nanga iweyo uli pati?"

Ndinaloza kumunsi. Analuma nzimbe, anatafuna, analavula zitsotso.

"Ndiwe mwana wangadi," anatero. "Kupusa komweku."

Ndinaona kuti zawakondweretsa, ngakhale mawa lake anauzabe mlendo wina kuti ndimagawa mphepo.

Ku shikola malamulo anga sanakondweretse aliyense kupatula mayi a ku sekeretariya, amene anasiya kuima pakhomo panga. Mphunzitsi wina wochenjera anayamba kubwera ndi mafoni awiri, ina ya mkazi wake, kuti azilandira magawo awiri. Ndinamuona pakompyuta yanga, pamene ndimaonera mmene redi ikuyendera, ndipo ndinamufunsa pagulu ngati akazi ake alembedwa ntchito pa shikola pano ife osadziwa. Mphunzitsi wa masamu uja ananditcha apolisi a mphepo, dzina n'kumera mizu. Akandiona ndikubwera ankakweza foni m'mwamba n'kunena kuti, "Abwana, mpira waima m'malere, tiloleni ulowe." Ine ndinkamuyankha kuti unalowa kale dzulo, asadandaule. Ngakhale adiretolo, mkulu wa shikola yathu, anabwera tsiku lina, atavala nkhope ya ntchito, n'kundinong'oneza kuti foni yawo ndiikweze pang'ono, popeza amalandira mauthenga ofunika.

"Mauthenga amadutsa bwinobwino kumunsi komweko, adiretolo," ndinatero. "Chimene sichidutsa ndi mavidiyo a mbuzi zovina."

Anaseka, chifukwa mbuzi yovinayo ananditumizira okha dzulo lake. Sanapemphenso. Ine mutu ndi wouma, aliyense amadziwa, ndipo ndinkanyadira kuti pa shikola yonse panali chinthu chimodzi chosakondera munthu.

Bambo anga anali ndi mphwawo mmodzi yekha, bambo anga aang'ono. Tinathawira nawo limodzi ku Malawi ine ndili kumsana, koma pobwerera iwo anatsala. Anali atakwatira kumeneko, kenako anasamukira kutali, kuminda ya fodya ku Kasungu. Chibwerereni chathu abale awiriwa sanaonanenso. Mafoni atabwera ankaimbirana, koma nkhani zawo zinali zazifupi: mvula, matenda a mbewu, amene amwalira. Pomaliza bambo aang'ono ankati, "Ndibwera ndikagulitsa fodya, akulu." Bambo n'kuyankha kuti, "Ine ndibwera ndikakumba mbatata." Fodya ankagulitsidwa, mbatata inkakumbidwa, ndipo palibe amene ankanyamuka. Kenako miyendo ya bambo inayamba kutupa, moti ngakhale kutchalitchi ankapita atakwezedwa panjinga.

Uthenga unandipeza m'mawa wina wozizira, sabata yotsekera manota. Anaimba ndi mlongo wanga, mwana wamwamuna wa bambo aang'ono, amene ndimangomudziwa mawu. Anati bambo ake anatisiya dzulo lake, ndipo aikidwa masana omwewo chifukwa thupi silingadikire. Kenako anati, "Akuluakulu kuno akuti bokosi lisatsekedwe bambo aakulu asanaone nkhope. Ndiwo eni mbumba. Ngati sangafike, aone ngakhale pafoni."

Kufika kunali kosatheka. Ngakhale munthu wa miyendo yabwino, wokwera shapa, minibasi yoyamba yopita kumalire, akanapeza manda atakwiriridwa kale. Kumudzi kwathu foni imagwira mawu okha, nawonso mpaka ukaime pachulu. Malo okhawo amene ndinkadziwa kuti vidiyo ingadutse anali pa shikola. Ndinatsanzika kwa adiretolo, ndinakwera mota, njinga yanga yamoto, n'kupita kukawatenga bambo.

Ndinawauza nditagwada pakhonde. Anayang'ana mapazi awo otupawo. Kenako anaitanitsa jekete yawo yakuda ndi chipewa. Amayi anga anayamba kulira m'nyumba, ndipo pamene tinkanyamuka akazi oyandikana nafe anali atayamba kale kusonkhana. Msewu nyengo imeneyo umakhala wa fumbi ndi zigwembe, choncho ndinkayendetsa pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo yawo, mtima ukufuna kuthamanga. Anandigwira m'chiuno mwamphamvu, ndipo analankhula kamodzi kokha.

"Mphepo yako ija ingathedi kunyamula nkhope ya munthu kuchokera ku Kasungu?"

Ndinati ingathe. Ndinayankha molimba mtima kuposa mmene ndinkamvera m'kati.

Masitepe okwerera kuchipinda changa sakanawatha, choncho ndinawakhazika pampando pakhonde la chipinda cha aphunzitsi, pamene redi imafika bwino. M'katimo munali modzaza. Sabata yotsekera manota aliyense amakhala pa shikola, wina akulemba, wina wamaliza akudikira mnzake maso ali pafoni. Ku sekeretariya mayi aja anali akutumiza manota a ana onse, ndipo m'chipinda changa makompyuta anali oyaka. Redi yonse inali pantchito, ndipo foni yanga inali pamene ndinaiika ndekha, kumunsi kwenikweni. Sindibisa, maganizo anga anali akuti ndiwakhazike kaye bambo, kenako ndithamange ndikaikweze foniyo pamwamba pa onse, onena anene. Koma mlongo wanga anaimba tisanapume n'komwe.

Mawu ankabwera modukaduka. Chithunzi chinali timabwalo tamitundumitundu, kenako udzu wa denga, kenako phazi la munthu, n'kuuma pomwepo. Nyimbo ya amayi a kwaya inkalowa ndi kutuluka. Mlongo wanga anati, "Ndayandikira... mukuona?" Pagalasi panabwera chinthu chotuwa, chofufutika ngati chithunzi chimene chanyowa ndi mvula.

Bambo anayandikitsa maso. "Ameneyu ndani?"

"Ndi bambo aang'ono, bambo."

"Ine sindikuona munthu apa."

Mlongo wanga ananena kuti moto m'foni yake watsala pang'ono, ndipo adzukulu, amene akumba manda, ayamba kung'ung'udza chifukwa nthawi ikupita. Ndinayang'ana masitepe. Kusintha lamulo sikuchedwa, koma kabokosi kathu kamafuna kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso kuti kamve lamulo latsopano, ndipo kakazima foni imaduka. Ikanaduka, sindinkadziwa ngati ya ku Kasungu ikanakhala ndi moto woimbiranso. Ndinaima pomwepo foni ili m'manja, ndipo ndinachita mantha amene sindinawachitepo pantchito imeneyi. Ndinali nditawanyamula mkuluyu mtunda wonsewo, ndipo anthu kutsidya analeka kutseka bokosi akudikira mawu awo.

Mphunzitsi wa masamu anatuluka foni ili m'manja, mwina kuti adzandiseke monga mwa masiku onse. Anamva nyimbo ija. Anayang'ana jekete yakuda ya bambo, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Ndi maliro, amayi?"

Ndinagwedeza mutu. Anavula chipewa, anazimitsa mpira wake, foni n'kuigoneka chafufumimba pazenera. Anabwerera pakhomo n'kunena mawu ochepa: "Anzanga, panja pano pali maliro."

Kwathu kuno maliro akamadutsa pamsewu wa panjinga amatsika, wogulitsa amasiya kuitanira malonda, wailesi imazimitsidwa. Palibe amene amalamula. Aphunzitsi anayamba kutuluka mmodzimmodzi, mafoni akulowa m'matumba. Amuna anakhala pamasitepe, akazi pansi pakhonde atatambasula miyendo monga timakhalira pasiwa. Wina anakwera kukauza ana a m'chipinda changa, ndipo ndinamva mipando ikukwekwereza, kenako bata. Adiretolo anabwera manja ali kumbuyo. Omaliza anali mayi a ku sekeretariya. Iwo okha ndiwo ankadziwa chimene akuchita, chifukwa podutsa pafupi ndi ine ananong'ona kuti, "Ndaimitsa. Manota sathawa." Anamanga chitenje m'chiuno, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a bambo.

Ine sindinakhudze kalikonse. Lamulo lija lakumapeto linangochita zimene ndinalilembera. Nyimbo inalumikizika n'kukhala nyimbo imodzi, timabwalo tinasungunuka, ndipo pagalasi panaoneka nkhope ya munthu wogona, yooneka bwino mpaka makwinya a m'mbali mwa maso.

Ndinali ndisanawaonepo bambo aang'ono ndi maso a munthu wamkulu. Ndinadzidzimuka, chifukwa inali nkhope ya bambo anga omwe, yowonda pang'ono, ya imvi zambiri. Bambo anatenga foni m'manja mwanga n'kuigwira ndi manja awiri monga amagwirira chikho cha madzi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Uza mlongo wakoyo akweze pang'ono, ndione pachipumi," anatero.

Mlongo wanga anamva yekha, anasendeza foni. Pamwamba pa diso lamanzere panali chipsera chaching'ono chopindika.

"Ndi iyeyo," bambo anatero. "Chipsera icho ndinamupatsa ndine, ndi khasu, tikutsegula ngalande tili ana. Amayi anandikwapula mpaka ndinathawira kwa amalume." Anaseka pang'ono. Kenako anasiya kulankhula ndi ife. "Iwe, wakalamba chotere liti? Wandipitirira ine mkulu wako. Fodya uja sunagulitsebe?"

Mayi a ku sekeretariya anayamba kusisima, atabisa nkhope m'chitenje. Kutsidya kunamveka mawu a mwamuna wachikulire akufunsa mwaulemu ngati eni mbumba aona. Bambo anawongola msana, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndamuona mphwanga," anatero mokweza, kuti a ku Kasungu amve. "Mwamusunga bwino zaka zonsezi, zikomo. Tsekani."

Tinaona manja akubweretsa chivundikiro. Chisanafike pankhope foni ya mlongo wanga inazima, ndipo pagalasi lakudalo panatsala nkhope ya bambo anga akudziyang'ana okha.

Aphunzitsi anadzuka n'kubwera mmodzimmodzi kudzawagwira dzanja, aliyense akunena pepani wake, ena m'Chinyanja, ena m'Chipwitikizi. Bambo ankayankha aliyense monga mwini maliro pakhomo pake. Pambuyo pake ndinamuthokoza mphunzitsi wa masamu chifukwa chondimasulira redi. Anandiyang'ana modabwa. Sankadziwa n'komwe kuti mpira wake ukaima, gawo lake limatsikira kwa wina.

"Ine ndinangoona kuti sindingaonere mpira pamaliro," anatero.

Manota anapita madzulo omwewo. Malamulo a kabokosi sindinawasinthe mpaka lero, ndipo foni ya adiretolo ikadali kumunsi pamodzi ndi yanga.

Tinabwerera dzuwa litapendeka, mphepo yozizira ya kumapiri ikulowa m'makutu. Titayandikira kumudzi, pamene njira imadutsa m'mphepete mwa madimba, bambo anandigogoda paphewa kuti ndiime. M'madimba munalibe munthu ngakhale mmodzi. Uthenga unali utazungulira kale kuti kwathu kwagwa zovuta, ndipo aliyense anasiya khasu n'kupita kukakhala ndi amayi. Ngalande inali yodzaza mpaka m'milomo, madzi akuthamanga kudutsa madimba onse a kumtunda, kufika padimba lathu, n'kupitirira kukatayika m'bango.

Ndinawathandiza kutsika. Anaima atatsamira mota, akuyang'ana madziwo. Ine ku shikola sindinalire, maso anali pa redi. Ndinalirira pamenepo, pambali pa ngalande, ndipo bambo anandisiya ndilire.

"Apo ndi pamene ndinamutemera," anatero, akuloza kumtunda, padimba limene tsopano ndi la anthu ena.

Anayang'anabe kanthawi, kenako anakonza chipewa.

"Tiye, mwanawe. Anthu akutidikira kunyumba."